Mlomo wa Gelesomu Unafika Kale

Mwambi uja wa phazi ndi mlomo, kuyamba kwake kunali motere. Tsamiritsani njinga zanuzo pamtengopo mukhale pansi, ndipo iwe wachipewa chofiira, foniyo ilowe m'thumba ndisanakulande. Mwabwera kudzalembetsa pa siteji ino ya kabaza, ndipo ine monga tcheyamani wanu sindipereka nambala kwa munthu amene sanamve nkhaniyi.

Ena adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wamakedzana, unabwera ndi makolo. Asiyeni anene. Ine ndikuti unabadwira m'mudzi wina kuseri kwa Dowa, Loweruka masana, ine ndili pomwepo nditavala jekete lobwereka, ndipo manyazi a tsiku limenelo sanandichoke mpaka lero.

Choyamba mudziwe kuti ntchito yathuyi si ya miyendo yokha. Munthu akakwera kumbuyo kwako amangoona msana, ndipo msana ulibe maso omuchititsa manyazi. Ndiye amayankhula. Amakuuza za mwamuna wake, za matenda ake, za kumene akupita komwe sanauze ngakhale mayi ake omubala. Ine ndapalasa zaka makumi awiri ndi zisanu pa Mponela pano. Ndikudziwa amene amapita kwa sing'anga Baibulo lili m'chikwama, ndikudziwa amene amatsikira kuseri kwa chigayo kuti akalowe nyumba ya eni chakumbuyo. Munandimvapo ndikutchula dzina? Lamulo la pa siteji ndi limodzi ndipo silinalembedwe paliponse: ukatula munthu, tula ndi nkhani zake pomwepo, ubwerere wopanda katundu.

Gelesomu Kamtedza anafika pa siteji ino ali mnyamata wa mphamvu zake. Makolo ake anabwera kuno kudzagwira utenanti wa fodya, atatopa anabwerera kwawo ku Phalombe, iye n'kutsala ndi njinga. Njinga yakeyo inali yodziwika: khushoni yofiira ya mphonje, magalasi awiri, ndipo pachikopa chotchinga matope kumbuyoku analembapo ndi penti yachikasu kuti MULUNGU AKUONA. Sindingamunamizire, sanali woipa mtima. Mowa sankamwa, makasitomala sankawatukwana, ndipo pamtunda ankapalasa ataimirira, osauza munthu kuti atsike.

Chimene ankachifuna ndi mtima wake wonse pansi pano chinali chimodzi: kukwatira Filesi. Filesi anali mtsikana wofatsa wa kuseri kwa Dowa, amene ankaphunzira utelala pakhonde la sitolo ija ili tsidya la msewu. Gelesomu anang'amba dala thalauza lake katatu kuti apeze chifukwa chopitira pakhondepo, mpaka mtsikanayo anamuuza kuti, "A Gelesomu, ngati muli ndi mawu nenani, thalauzali latha malo osoka." Mawu ananenadi. Anapereka chikole, chitenje cha maluwa obiriwira, ndipo Filesi analandira ndi manja awiri. Chinatsala n'kukaonekera kwa amalume ake a mtsikanayo, eni mbumba, anthu akamaliza kukolola.

Kenako anagula foni, ija yongosisita ndi chala. Pa Fesibuku sanalembe dzina limene anamupatsa mayi ake, anadzitcha Mfumu Ya Mseu. Filesi anali ndi kafoni ka mabatani, ndipo za Mfumu Ya Mseu sankazidziwa n'komwe.

Poyamba zinali zoseketsa chabe. Akagula chipisi, ajambule. Akatsuka njinga, ajambule. Dzino likamuwawa, dziko lonse lidziwe kuti ndi lam'munsi kumanzere. Atalandira chitupa cha unzika anachijambula mbali zonse ziwiri n'kulemba kuti, "Tsopano ndine Mmalawi weniweni." Malayiki aja anamulowa m'magazi ngati fodya wa chingambwe, moti akadzuka, asanasukusule n'komwe, ankayamba wawerenga kuti anthu angati amutamanda. Koma anthu amatopa nacho chipisi cha mnzawo. Malayiki atayamba kuchepa, Gelesomu anatembenuka n'kuona kuti nkhani zokoma amazinyamula yekha tsiku ndi tsiku pa khushoni yofiira ija.

Woyamba kupsa anali mkazi wa kalipentala wa kuseri kwa msika, kamtsikana kongokwatiwa kumene. Inu anyamata mwina simudziwa, koma mimba yoyamba sitchulidwa. Ngakhale ikuoneka, aliyense amakhala ngati sakuona, mpaka anamkungwi atabwera kudzamulangiza mwini wake. Mtsikanayo anakwera mwakachetechete kupita kusikelo, ndipo asanatuluke n'komwe m'chipatala, chithunzi chake chinali pafoni ya aliyense, pansi pake palembedwa kuti, "Ndatula alamu athu kusikelo. A kalipentala mwagwira ntchito!"

Masana omwewo apongozi ake a mtsikanayo anafika pano atamanga chitenje m'chiuno. Anandilalatira ine, munthu wa imvi zanga, pamaso pa msika wonse, ngati kuti foniyo ndinaigula ndine. Ndinapepesa mpaka malovu kuuma. Atachoka ndinamuitana mnyamata uja.

"Iwe Gelesomu, mimba imeneyi ndi yako?"

"Ayi, a Tcheya."

"Nanga wailengeza bwanji?"

"Ndimangowasangalalira. Taonani, anthu alayika mazana atatu."

"Mazana atatuwo, mwanayu akadzapita padera, adzabwera kudzakhala naye pamphasa?"

Anaseka, anyamata inu. Anandiseka ine. "A Tcheya, inu ndi akale. Masiku ano dziko lili pafoni, palibenso chobisa."

"Palibe chobisa? Nanga thalauza wavaliranji?"

Ndinamuimitsa masiku atatu osanyamula munthu. Masiku atatuwo anathera pafoni, kulemba zoti anthu ansanje akumuzunza chifukwa cha kutchuka kwake.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. M'mwezi wa Epulo, m'mawa wina, minibasi inatsitsa bambo wachikulire amene sitinamuonepo. Anavala jekete lotuwa, chipewa, nsapato zopukutidwa bwino, koma ankayenda pang'onopang'ono miyendo atatangadza. Anayang'ana uku ndi uku ngati akuopa kukumana ndi womudziwa, n'kupita pa njinga imene inali pafupi. Tsoka lake, inali ya khushoni yofiira. Sanakwere motangadza monga timakwerera amuna, anakhala chammbali ngati mayi wovala chitenje.

"Kuchipatala, mwananga. Pang'onopang'ono, mabampu uziwalambalala."

Zimene anakambirana panjira ndinazimva pambuyo pake kwa onse awiri, ndipo sizinasiyane. Gelesomu sanathe kupirira.

"Madala, mwakhala chammbali ngati amayi bwanji?"

Bambo uja anayang'ana msana uja, msana wa mlendo amene sadzamuonanso, ndipo mtima wake unamasuka.

"Ndili ndi phudzi, mwananga. Kumalo obisikaku kwatupa, chaka chachitatu tsopano. Kwathu chipatala chilipo, koma olemba makadi ndi ana a m'mudzi mwathu momwemo. Ndadutsa zipatala ziwiri kuti ndifike kuno kumene sandidziwa. Kumudzi ndanena kuti ndikukaona mwana ku Kasungu. Akudziwa ndi mayi a kunyumba okha."

"Aa, madala, matenda ndi matenda. Manyazi a chani?"

"Ine ndimatsogolera mganda, mwananga. Zaka makumi atatu ndili patsogolo pa mzere, wezulo ili kukamwa. Anthu amachoka kutali kudzaona miyendo yangayi. Ndikufuna adokotala andichotse chinthuchi mwakachetechete, chilimwe chino ndikabwerere pabwalo ngati palibe chinachitika."

Atafika pageti, bamboyo anatsika movutikira, n'kuyamba kulowa. Ali pakati pa geti anatembenuka kuti anene kuti, "Mulungu akudalitse, mwananga." Ndi pamene Gelesomu anajambula. Nkhope inaoneka bwinobwino, miyendo yotangadza ija inaoneka, ndipo pakona pa chithunzicho panalowa kumbuyo kwa njinga ndi malemba ake achikasu. Pansi pake analemba motere, ndipo mawu amenewa ndimawakumbukira kuposa tsiku langa lobadwa:

"Abale, tiwapempherere madala awa a mganda ochokera ku Dowa. Phudzi lawasautsa zaka zitatu, njinga yanga imachita kupendekera mbali imodzi. Abwera kuno mobisa kuti kwawo asadziwe. Lembani Ameni."

Lembani Ameni! Kumuvula munthu wamkulu pakati pa msika, kenako n'kumufunditsa pemphero! Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'choti mwanayo ankadziona ngati wachita zachifundo. Pa njinga pake analemba zoona, Mulungu akuonadi. Koma munamvapo kuti Mulungu waposita zimene waona?

Ine ndinaziona madzulo ake, mnzathu wina atandionetsa. Ndinamugwira Gelesomu pakolala, ndinati afufute pomwepo ndikuona kapena achoke pa siteji ino mpaka kalekale. Anasisita, anasisita, n'kundionetsa.

"Ndadilita, a Tcheya. Yatha imeneyo."

Yatha kuti? Anthu anali atakopera kale, chithunzi chili m'magulupu a Watsapu, a kumpingo, a ochita malonda a fodya, a anthu a ku Dowa okhala ku Joni. Madzi akatayika saoleka. Komabe pa siteji pano nkhaniyo inazilala, tinaiwala, Gelesomu anaiwala. Dzina la bambo uja sanafunse n'komwe.

Julaye atafika, anthu atamaliza kukolola, Gelesomu anabwera kwa ine chipewa chili m'manja.

"A Tcheya, amalume anga ali kutali ku Phalombe. Kuno bambo wanga ndinu. Mukandiimire kwawo kwa Filesi."

Ndikanakana. Koma mwana akakutcha bambo umafewa, ndipo mtsikana uja ndinkamuona kuti ndi munthu woti angamukhazike pansi. Ndinati, "Ndipita, koma foni isiyidwe kunyumba." Analumbira, mpaka kunyambita chala n'kuloza kumwamba. Filesi anatsogola sabata yathunthu kukakonzekera alendo, ndipo ife tinapangana kunyamuka Loweruka m'mamawa.

Chimene sindinadziwe n'choti m'mamawa umenewo, asanabwere kudzanditenga, anatsuka njinga, n'kuijambula chakumbuyo kuti khushoni ndi malemba zioneke bwino, n'kulemba kuti, "Lero Mfumu Ya Mseu ikukaonekera kwa Kalilangwe, kwawo kwa Filesi wanga. Adani psani mtima." Kenako foniyo anaibisa m'sokosi.

Tinapalasa maola anayi, fumbi mpaka m'makutu. Titalowa m'mudzi wa Kalilangwe tinadutsa pamjigo, ndipo amayi amene ankatunga madzi anasiya kupopa. Sanayang'ane nkhope zathu, anayang'ana kumbuyo kwa njinga ya mnzanga. Mmodzi anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, "Mu-lu-ngu a-ku-o-na." Wina anayankha kuti, "Ndi yomweyo." Palibe amene anatipatsa moni.

Gelesomu anandigunda ndi chigongono, mano onse ali pamtunda. "Mwaona, a Tcheya? Kutchuka kwanga kwafika mpaka kuno."

Pakhomo tinapeza anthu ochuluka kuposa amene amafunika pa nkhani ya kuonekera. Mbumba yonse inali pamphasa pansi pa mtengo wa mango, amuna atakhala pazigoba za ngolo, onse ali duu. Kutsogolo kunali mpando umodzi wa mwini khomo, ndipo moyang'anana nawo mipando itatu. Ife tinali awiri. Ndinakhala, Gelesomu anakhala, wachitatu unatsala wopanda munthu.

Kenako chitseko chinatseguka, ndipo anatuluka amalume ake a Filesi, bambo Yotamu Kalilangwe, akuyenda mowongoka ngati msilikali. Jekete lotuwa, chipewa, nsapato zopukutidwa. Ine ndinawazindikira nthawi yomweyo chifukwa chithunzi chija ndinachiona. Ndinayang'ana Gelesomu. Anali akumwetulira, akuwomba m'manja mwaulemu. Sanawazindikire, anyamata inu! Anaononga munthu n'kuiwala ngakhale nkhope yake.

Tinalonjerana. Ndinalibe pothawira, ndiye ndinayamba monga mwa mwambo.

"Bambo, ife tili ndi tambala kwathu, ndipo tamva kuti pakhomo pano pali msoti. Mnyamata uyu dzina lake ndi..."

Bambo Kalilangwe anakweza dzanja. "Musavutike, akulu anzanga, mwayenda ulendo wautali. Timamudziwa. Ndi Gelesomu Kamtedza, wobadwa pa seveni Novembala, kwawo ku Phalombe. Nambala ya chitupa chake ili ndi aliyense m'mudzi muno, amene akufuna akhoza kukalembetsa nayo chilichonse. Amakhala kuseri kwa chigayo, nyumba ya chitseko chabuluu, ndipo loko wake anathyoka mwezi watha. Dzino lam'munsi kumanzere limamuvuta. Lachiwiri anadya chipisi ndi mazira awiri. Ndasiya china?"

Panamveka kuseka kwapansipansi pamphasa paja. Gelesomu anayang'ana ine, n'kuyang'ana iwo. "Bambo, zonsezi wakuuzani ndi Filesi?"

"Filesi sanena za anthu. Watiuza ndi mlendo amene anafika kale. Mpando uwo ndi wake."

"Mlendo wake uti, bambo?"

"Mlomo wako, mwananga. Unafika kuno mwezi wa Epulo, ine ndisanatuluke n'komwe m'chipatala. Wakhala nafe miyezi itatu. Wapita nafe kutchalitchi, kumjigo, kumaliro, kudimba. Lero m'mawa wabweranso kudzatiuza kuti mwini wake ali m'njira. Ndiye tinati mlendo wokhalitsa chotere si bwino akhale pansi."

"Koma bambo, ine kuno sindinapondeko chibadwire."

Bambo Kalilangwe anaimirira, anatembenuza thupi, n'kukhalanso pampando wawo chammbali, miyendo yonse mbali imodzi. Kenako ananena ndi mawu otsika, "Pang'onopang'ono, mwananga. Mabampu uziwalambalala."

Ndinaona kumwetulira kukuchoka pankhope ya Gelesomu pang'onopang'ono, mpaka kukamwa kunatsala yasa. Anatsetsereka pampando n'kugwada m'fumbi ndi thalauza lake latsopano.

"Bambo, pepani. Ine ndimafuna anthu akupempherereni. Ndiponso ndinadilita tsiku lomwelo, a Tcheya ndi mboni."

"Ndinakupempha pemphero? Ndinakupempha kulambalala mabampu."

Sanakweze mawu, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa kwambiri. Bola akanatitukwana. Anafotokoza modekha, ngati akunena za munthu wina.

"Adokotala anagwira ntchito yawo bwino, ndinachira. Nditabwerera kuno ndinapeza aliyense akundipatsa moni akuyang'ana pansi, osati chifukwa cha ulemu. Ndinati zitha. Mwezi watha kunali mpikisano wa mganda, ife ndi a tsidya la mtsinje. Ndinavala yunifolomu yanga yoyera, ndinatsogolera anyamata anga kulowa m'bwalo monga ndachitira zaka makumi atatu. A tsidya lija atalowa, wotsogolera wawo anali atamangirira chipanda pakati pa miyendo, akuvina chotangadza, ndipo anali atapeka nyimbo ya njinga yopendekera. Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Adzukulu anga anali pomwepo. Apongozi anga anali pomwepo. Ndinachotsa wezulo kukamwa, ndinaipereka kwa wondithandiza, ndinabwera kunyumba. Sindidzavinanso. Phudzi langa analichotsa m'maola awiri, koma limene unandimangirira iwe palibe dokotala angalichotse."

Ine ndinkangoyang'ana nsapato zanga. Jekete lobwereka lija linanyowa ndi thukuta, ndipo mumtima ndinkadzitukwana kuti munthu wamkulu ngati ine ndaperekeza chitsiru maola anayi kudzachitira umboni uchitsiru wake.

Bambo Kalilangwe anatembenukira kwa ine. "Akulu anzanga, inu mukudziwa kuti kuno ndi kwa chikamwini. Mwamuna akakwatira amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo malo omanga nyumba timamupatsa pakati pa mudzi. Mkamwini amaona nkhokwe ya apongozi ikatha. Amamva amene akukangana m'nyumba. Amadziwa amene akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndi mtsikana amene walakwitsa. Timamulola kuona zonsezo chifukwa timakhulupirira kuti akaona amameza. Ndiye mundiuze, ndimange wailesi pakati pa mudzi wanga? Komabe wokwatiwa sindine. Filesi, mwana wa mlongo wanga, bwera unene wekha."

Filesi anadzuka pamphasa paja. M'manja anali ndi chitenje chija cha maluwa obiriwira, chopindidwa bwinobwino. Maso anali ofiira, koma misozi inali itatha kale, chifukwa m'mawa umenewo msuweni wake anamuonetsa zithunzi ziwiri zija pamodzi, cha pageti la chipatala ndi cha njinga yotsukidwa. Anagwada patsogolo pa amalume ake, n'kuyang'ana Gelesomu.

"A Gelesomu, ndinakukondani, sindibisa. Miyezi itatu ndakhala ndikutemberera munthu wotchedwa Mfumu Ya Mseu, osadziwa kuti ndi yemwe ndikumusokera mathalauza. Amalumewa ndi amene anandilera bambo atamwalira. Ndili wamng'ono ankandinyamula paphewa kupita nane kumganda. Makina amene ndikuphunzirira anagulitsa mbuzi zawo kuti ndiwapeze."

"Filesi, ndisintha. Foni ndinaisiya, funsa a Tcheya, lero sindinabwere nayo n'komwe."

Pomwepo, pakati pa chete yense uja, m'sokosi mwake munamveka kuti ting! Kenako ting! ting! Anali malayiki a chithunzi cha m'mawa chija akulowa, netiweki itagwira. Gelesomu anagwira mwendo ngati walumidwa ndi chinkhanira, koma foni inapitiriza kulira.

"Yankha, mwananga," anatero bambo Kalilangwe. "Mwina ndi Ameni."

Filesi sanaseke. Anadikira mpaka foni ija itatonthola.

"Ine ndine munthu wamkazi, a Gelesomu. Ndidzadwala matenda osauza anthu. Ndidzatenga pakati, mwina padzachitika zovuta, ndidzalira m'chipinda ndili wosavala bwino. Tsiku limenelo m'dzanja lanu mudzakhala dzanja langa kapena foni? Mudzauza anthu kuti alembe Ameni?"

Filesi anadzuka, anapita pampando wachitatu uja, n'kuikapo chitenje.

"Chikole ndabweza kwa amene anafika poyamba," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Thobwa anatipatsa, chifukwa ndi anthu aulemu. Titatsanzika, bambo Kalilangwe anatiperekeza mpaka kumapeto kwa bwalo la nyumba yawo. Kumbuyo kwathu akazi awo anali atatenga kale tsache, akusesa pamene tinakhala ndi pamene tinadutsa. Bambo aja anamugwira Gelesomu paphewa n'kumulozera pansi.

"Taona, mwananga. Awo ndi mapazi ako, uwo ndi mzere wa matayala ako. Mayi ako akusesa, ndipo pofika madzulo palibe adzadziwe kuti unaponda pano. Tsiku lija pageti la chipatala ukanasiya zimenezi, lero bwenzi ndikukulozera pomanga nyumba, ndipo bwenzi ndikukukonda koposa, chifukwa unandinyamula bwino, mabampu onse unawalambalala. Koma unasiya mlomo. Mlomo sasesa, ndipo suyenda pa njinga. Wakudikira pano miyezi itatu."

Tinapalasa maola anayi kubwerera. Chitenje chija anachimangirira pakhushoni, ndipo sindinamuuze mawu otonthoza ngakhale amodzi, chifukwa ndinalibe.

Filesi anamaliza utelala wake, ali ndi shopu yake ku Madisi, anakwatiwa ndi munthu wina amene sindidziwa n'komwe kuti amadya chiyani Lachiwiri. Gelesomu anapalasa pano mwezi umodzi wokha, chifukwa nkhani itamveka palibe mayi kapena bambo amene ankafuna kukhala pa khushoni yofiira. Anapaka penti yakuda pa malemba aja, koma anthu ankaidziwabe njingayo, ndipo mapeto ake anabwerera ku Phalombe. Bambo Kalilangwe sanavinenso mganda mpaka lero, ndipo chimenecho ndicho sindimukhululukira mnyamata uja. Iye anataya mkazi chifukwa cha kupusa kwake, koma bambo aja analakwa chiyani? Anangokhulupirira msana wa wakabaza.

Mawu awo aja ndinabwera nawo pa siteji pano, ndinawanena kwa anzanga, okwera anawatenga kupita nawo m'midzi, ndipo poyenda m'kamwa mwa anthu anafupika mpaka kukhala mmene mumawamvera lero. Tsopano dzukani mudzatenge manambala anu. Iwe wachipewa chofiira, ndakuona, dzanja lako labwereranso m'thumba. Mawa udzanyamula mayi wa munthu, bambo wa munthu, mwina amalume a mtsikana amene sunakumane naye n'komwe. Ukawatula, chala chikayamba kukuyabwa, uzikumbukira mpando wachitatu wa kwa Kalilangwe: ukayenda uzisiya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza patsogolo.